Mpando Wachitatu Kuchokera Pazenera

Anandiitana kuti ndidzalongedze mabuku anu, malume,
m'kachipinda kanu ka ku Yeoville
komwe zenera limanjenjemera basi ikamadutsa.
Makatoni khumi ndi anayi. Jekete imodzi.
Ketulo yopanda chivundikiro.
Ndicho chuma chonse cha Hezekiya Kaphamtengo,
amene ku Ntcheu tidamuwerengera kale m'gulu la matchona.

Mudabwera ndi Wenela ndevu zisanamere,
nambala pamkono, tochi pachipumi.
M'kope lobiriwira ili mudalemba
kuti tsiku lina mwala udagwa, magetsi n'kuzima,
ndipo mudakhala maola asanu ndi awiri pansi pa Joni
ndi Msutu wina amene simunkamva chilankhulo chake.
Palibe adapemphera mokweza.
Inu munkamva kupuma kwake, iye kwanu.
"Kumeneko," mudalemba, "ndiko ndidayambira sukulu ya zaumulungu."

Kenako mayeso a pakalata, makandulo,
kusesa laibulale kuti akuloleni kutsalira usiku,
mpaka mudaima payunivesite, choko m'manja,
kufunsa ana a eni dziko:
kodi choona chimasowa mboni, kapena chimaima chokha?
Akuti munkadikira yankho nthawi yaitali
mpaka ophunzira ankawerenga zingwe za nsapato zawo.

Kukhoti, pa mlandu wa chitupa,
adakutambasulirani Baibulo kuti mulumbire.
Mudakana. Mudati munthu sakhala ndi malilime awiri,
lina la kukhoti, lina la kumsika.
Miyezi itatu.
Mudatuluka ndi chifuwa chosatha
ndi mitu iwiri ya buku lanu m'mutu.

Amayi ankati mlongo wawo walowa mpingo wachilendo,
Akweka, ena amati Abwenzi,
wopanda m'busa, wopanda kwaya, wopanda belu.
"Nanga Mulungu amva bwanji anthu atangoti duu?"
Yankho lidabwera pakalata ya mizere iwiri:
"Mlongo wanga, wovutika makutu si Iye ayi.
Ndatumiza ya feteleza."

Chaka chomwe ankasaka alendo ndi zikwanje,
kufunsa anthu dzina la chigongono m'Chizulu,
mudatsekula chitseko ichi.
Anthu khumi ndi mmodzi adagona pakati pa mashelefu:
anyamata a ku Mangochi, telala wa ku Lubumbashi,
mayi wa ku Beira ndi khanda losalira.
Mnyamata wa nkhwangwa atafika pakhomo
mudamufunsa ngati wadya.
Kaya zidali nzeru, kaya misala, kope silinena.
Langoti: "Adamwa tiyi ataimirira."

Koma kumaliro a agogo simudabwere.
Izi sindinakukhululukirenibe.
Munthu woona kuunika mwa aliyense,
ngakhale mwa wapolisi amene adakuthyolani dzino,
mudalephera kukwera basi pa Park Station
kukaponya dothi pa bokosi la mayi wanu.
Ndafufuza m'makatoni onse.
Za ufulu wa chikumbumtima muli masamba mazana atatu.
Za Epulo uja mulibe liwu.

Lamulungu ndinapita kumene munkapita.
Mipando yozungulira, khoma lopanda chithunzi,
maluwa a jakaranda atamatirira kunsi kwa nsapato.
Anandilozera mpando wachitatu kuchokera pazenera.
Ndinakhala. Ola lathunthu.
Panja matekisi ankakalipirana ndi mahutala,
m'mimba mwanga munalira, ndinachita manyazi,
ndinawerenga matabwa a denga, ndinaganiza za lendi.
Mayi wina wa ndodo anaimirira:
"Ankandikwiyitsa zedi, ndipo ndamusowa."
Anakhala pansi. Ulaliki wonse unali womwewo.

Kenako chete uja anakhuthala ngati phala lozizira,
ndipo ndinayamba kumva kupuma kwa munthu wa pambali panga,
mlendo, sindimudziwa dzina.
Ndinadikira kuti mulankhule, malume.
Simunatero, monga mwa masiku onse.

Mabuku ndasiyira laibulale ija munkasesa.
Ketulo ndatenga, amayi adzapeza chivundikiro.
Kope lili pamiyendo panga;
masamba asanu ndi anayi omaliza mulibe kanthu.
Ndawawerenga kawiri
tisanafike pa Beitbridge.